Yohana Abdallah: wansembe amene anasunga mbiri ya Ayao

Ophunzira ambiri akamva dzina lakuti Abdallah amaganiza kuti tikunena za shehe. Koma Bambo Yohana Barnaba Abdallah anali wansembe wa mpingo wa Angilikani, amene anakhala zaka pafupifupi 30 pakati pa Ayao a ku Unangu, kutsidya kwa nyanja yathuyi, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique. Ife Asilamu a m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima, poti ambiri ndife zidzukulu za Ayao, tili ndi chifukwa chowadziwira.

Anabadwa cha m'ma 1870 ndipo anakulira pakhomo pa mfumu Barnaba Nakaam ku Chitangali, pafupi ndi Masasi, kumwera kwa Tanzania. Amishoni a UMCA anawatumiza kukaphunzira ku Kiungani pa chilumba cha Zanzibar. Kumeneko kunali kwa Sultani, kumene adhana imamveka kasanu pa tsiku, choncho Chisilamu sanachite kuuzidwa ndi munthu, anachiona okha. Anadzozedwa udikoni mu 1894 ndi unsembe mu 1898.

Mishoni ya Unangu inayambidwa mu 1893 ndi Dr John Hine, m'dziko la mfumu Kalanje, nthawi imene Chisilamu chinali kufalikira pakati pa mafumu a Chiyao ndi anthu awo. Tisabise: Bambo Abdallah anapitako kukalalika Chikhristu, ndipo pa nkhani ya Mneneri Isa (AS) chikhulupiriro chawo ndi chathu n'zosiyana. Iwo sanasiye chawo, Asilamu a kumeneko sanasiyenso chawo. Komabe anakhala pamalopo, akuphunzitsa ndi kupempheretsa, mpaka imfa yawo mu 1924. Mlendo sakhala pamudzi zaka zonsezo ngati salemekeza eni ake. Mu 1905 anayenda ulendo wautali wa ku Yerusalemu, mzinda umene ifenso timaulemekeza chifukwa cha Masjid al-Aqsa.

Ntchito yawo yaikulu kwa ife ndi buku la Chiikala cha Wayao, limene linasindikizidwa ku Zomba mu 1919. Analilemba m'Chiyao, ndipo dokotala Meredith Sanderson analimasulira m'Chingerezi. Kuti alilembe anayenera kukhala pansi ndi akuluakulu, kufunsa ndi kumvetsera. M'bukumo muli za phiri la Yao kumene mtunduwu unachokera, za Achisi amene ankasula makasu n'kumagulitsa, za maulendo a malonda opita ku Kilwa, za Mataka Che Nyambi wa ku Mwembe, ndiponso za Makanjila. Nkhondo ndi malonda a akapolo sanazibise, komanso Ayao anawalemba ngati anthu a nzeru zawo ndi ufumu wawo, pa nthawi imene azungu ambiri ankangowaona ngati ogulitsa akapolo. Bukuli linasindikizidwanso mu 1973, ndipo mpaka lero ofufuza mbiri ya Ayao amalidalira.

Qur'an yolemekezeka, mu Surat al-Ankabut, imatilangiza kukambirana ndi anthu a Buku mwa njira yabwino. Timakumbukiranso kuti Maswahaba atazunzika ku Makka, Mtumiki Muhammad (SAW) anawatumiza kwa Najashi, mfumu ya dziko la Chikhristu la Habasha. Kuyamika chabwino chimene munthu wa chipembedzo china wachita sikuchepetsa imani ya Msilamu.

Nkhaniyi ikutikhudza lero. Mu 2019 mkangano wa hijab pa sukulu ya Angilikani ku Balaka unachititsa kuti ana a mbali zonse ziwiri akhale pakhomo osaphunzira. Chimene chinathandiza ndi kukambirana kudzera m'bungwe la PAC, momwe Asilamu ndi Akhristu amakhala pa mphasa imodzi. Asodzi athu ku Senga Bay amadziwa kale zimenezi: mwera ukawomba sufunsa kuti m'bwato muli wa ku mzikiti kapena wa ku tchalitchi.

Patsala funso limodzi. Ngati mbiri ya makolo athu inasungidwa ndi wansembe, nanga mbiri ya mizikiti ndi madrasa za kuno ku Salima alemba ndani? Tikupempha ophunzira kuti pa tchuthi chikubwerachi mukhale pansi ndi agogo anu, kope ndi cholembera m'manja. Makolo ndi a komiti ya mzikiti, atsegulireni khomo. Allah atipatse ilimu yopindulitsa.