Hans Jonas: adagalukira boma, koma dziko sadalitaye

Abale anga, zinthu zikathina pamsika kapena kusukulu, ena amangoti dzikoli n'loipa, tisiye kuvutika nalo. Ine ndikamva zotere ndimakumbukira Hans Jonas.

Mkuluyu adabadwira ku Mönchengladbach m'dziko la Germany mu 1903, m'banja la Chiyuda. Adaphunzira kwa akatswiri awiri, Martin Heidegger ndi Rudolf Bultmann, ndipo mu 1928 adamaliza kafukufuku wake ku Marburg pa chiphunzitso chakale cha Gnosticism.

Kodi chimenechi n'chiyani? M'zaka za m'ma 100 ndi 200, magulu ena ankaphunzitsa kuti dziko lidalengedwa ndi kamulungu kosazindikira, kuti Mulungu weniweni ali kutali, ndipo mzimu wa munthu uli m'ndende ya thupi. Chipulumutso, eti, chidali nzeru yobisika. Ena mpaka ankatama njoka ya mu Edeni ija. Jonas adaona kuti kumeneku kudali kugalukira chilengedwe chonse pamodzi ndi malamulo ake. Adaonanso kuti maganizo a Heidegger, onena kuti munthu adangoponyedwa m'dziko, adali pachibale ndi akalewo.

Mu 1933 Heidegger adalowa chipani cha Nazi. Jonas adachoka m'dzikomo atalumbira kuti adzabwerera ali msilikali wa gulu lopambana. Buku lake loyamba la nkhaniyi lidatuluka mu 1934. Iye adakakhala ku Palestine, nalowa usilikali wa Britain. Mu 1945 lumbiro lija lidakwaniritsidwa, koma adafikira uthenga wakuti mayi ake adaphedwa ku Auschwitz.

Apatu ndi pamene ndimamugomera. Munthu woona zoterezi akanati akale aja ankanena zoona, ndani akanamudzudzula? Koma iye ayi. Ataphunzitsa ku New School ku New York kuyambira 1955, mu 1979 adatulutsa buku lonena za udindo. M'menemo adati poti sayansi yatipatsa mphamvu zotha kuwononga dziko, tili ndi ngongole kwa ana amene sanabadwe. Adamwalira mu 1993.

Ndiye inu ophunzira ndi inu a geni, kukana zoipa n'kofunika ndithu. Jonas adakana, mpaka adanyamula mfuti. Koma ukangoti zonse n'zowola, udindo wausiyira yani? Nyumba ikamadontha sititentha. Timakwera padenga n'kufolera.