Alexander Whyte ndi Mtengo wa Mkungudza

Mkungudza ndi mtengo wa fuko lathu la Malaŵi. Mtengowu umamera wokha pamwamba pa Phiri la Mulanje, ndipo kulibe kwina pa dziko lonse lapansi kumene udamera popanda munthu kuubzala. Anthu a ku Mulanje ankaudziŵa kuyambira kalekale. Koma akatswiri a zomera m'maiko onse amautcha Widdringtonia whytei. Mau achiŵiriwo adachokera ku dzina la Bambo Alexander Whyte, amene adadziŵitsa maiko ena za mtengowu ndi kuchenjeza kuti ungathe kutha.

Bambo Whyte adabadwa m'chaka cha 1834 m'mudzi wa Fettercairn ku Scotland. Atakula adapita ku chilumba cha Ceylon, chimene lero chimatchedwa Sri Lanka. Kumeneko adakhala zaka zambiri akuphunzira za mitengo, mbeu, mbalame ndi nyama za m'maiko otentha.

M'chaka cha 1891 dziko lathu lidayamba kulamulidwa ndi Angerezi, ndipo Harry Johnston ndiye adatumidwa kudzakhazikitsa boma lawo ku Zomba. Johnston adafuna munthu womulangiza za mitengo ndi mbeu, choncho adabwera ndi Bambo Whyte. Pa nthaŵiyo Bambo Whyte anali ndi zaka 57. Pa msinkhu wotere anthu ambiri amakhala akuganiza zopuma, koma iwo ndi pamene adayamba ntchito imene timawakumbukira nayo.

Ntchito yawo yoyamba inali kutsegula munda woyeseramo mitengo ndi mbeu m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi ku Zomba. M'mundamo ankabzala mitengo ya kuno ndi yochokera kunja, kuti aone imene ingakule bwino m'dothi lathu. Mtengo sufulumira kukula ngati chimanga. Munthu woyesa mitengo amadikira zaka kuti adziŵe ngati wachita bwino, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Munda umene adayambitsawo ulipobe ku Zomba mpaka lero.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho Bambo Whyte adakwera Phiri la Mulanje. Sadakwere okha ayi. Anthu a m'midzi ya m'munsi mwa phirilo ndiwo adawalondolera njira ndi kuwasenzera katundu. Atafika pamwamba adapeza nkhalango za mkungudza m'zigwa ndi m'mbali mwa matanthwe. Mitengo yake inali yoongoka ndi yaitali zedi. Mtengo wina umene adaupeza utagwa adauyeza, ndipo kutalika kwake kunali mapazi 140, kapena kuti mamita oposa 40.

Iwo adaona kuti matabwa a mkungudza ndi amtengo wapatali. Amanunkhira bwino, savuta kupala, saola msanga, ndipo chiswe sichiwadya. Matabwa otere ndi abwino pomangira denga la nyumba ndi pokhomera zitseko, mazenera ndi mipando.

Koma adaonanso chinthu china chimene chidawadetsa nkhaŵa. Chaka ndi chaka m'chilimwe moto wolusa unkayaka m'maudzu a pamwamba pa phiri ndi kukaloŵa m'mphepete mwa nkhalango. Motowo unkapsereza timitengo tating'ono ndi kuumitsa mitengo ikuluikulu. Bambo Whyte adazindikira kuti nkhalango yopanda timitengo ili ngati mudzi wopanda ana: akuluakulu akatha, mudziwo umasanduka bwinja. Motero adalembera boma kuti nkhalangozo zitetezedwe ku moto. Adatolanso njere za mkungudza nakazifesa ku Zomba.

Nthambi, masamba ndi maluŵa zimene adatola pa phirilo adaziumitsa bwino ndi kuzitumiza ku London. Kumeneko akatswiri adapeza kuti zomera zambiri mwa izo zinali zisadalembedwepo m'mabuku awo. M'chaka cha 1894 katswiri wina, dzina lake Alfred Rendle, adapatsa mkungudza dzina lokumbukira Bambo Whyte.

Bambo Whyte sadalekere ku Mulanje. Mu 1896 adayenda ulendo wautali wa kumpoto, nakafika ku mapiri a Nyika ndi a Misuku, akutola zomera, mbalame ndi tinyama. Mu 1898 adapita ku Uganda, kumene adayambitsa munda wina wa mitengo ku Entebbe, m'mphepete mwa nyanja ya Victoria. Pambuyo pake adakafufuza za mitengo yotulutsa mpira ku Liberia. Adamwalira ku England m'chaka cha 1908, ali ndi zaka 74.

Kodi chenjezo lawo lidamveka? Mbali ina lidamveka. Boma lidayamba kupatula nkhalango zina kuti zikhale zotetezedwa. Nkhalango ya pa Phiri la Ntchisi idatetezedwa mu 1924, ndipo ya ku Mulanje mu 1927. M'chaka cha 1984 mkungudza udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu.

Komabe ubwino wa matabwa ake ndiwo udauika mtengowu pangozi. Boma la atsamunda lidacheka mkungudza wambiri pomangira nyumba zake. M'zaka zotsatira anthu ocheka mozemba adapitiriza kudula, ndipo moto sudaleke. Pamene akatswiri adaŵerenga mitengoyi mu 2017, adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha pa phiri lonselo. Apa anthu a m'midzi yozungulira phirilo, mothandizana ndi alangizi a za nkhalango, adafesa njere m'manazale ndi kukaokera mbande zambirimbiri pamwamba pa phiri. Koma kuti mbandezo zidzafike pa msinkhu wa mtengo umene Bambo Whyte adauyeza, padzapita zaka zoposa moyo wa munthu.

Nkhani imeneyi si ya ku Mulanje kokha. Taganizani za dera la Madisi ndi mapiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi. Kumeneko kulibe nkhalango za mkungudza, koma kuli misuku, miŵanga, miombo ndi mitengo ina yachilengedwe. Anthu amafuna nkhuni zophikira ndi zootchera njerwa. Alimi a fodya amafuna milimo yomangira zigafa. Amisiri amafuna matabwa. Zonsezi n'zofunika, ndipo kugwiritsa ntchito mtengo si kulakwa. Kulakwa n'kudula osabzala, ndiponso kutentha tchire chifukwa chofuna mbeŵa.

Yerekezani phiri limene lidametedwa mpala ndi Phiri la Ntchisi. Pa phiri lopanda mitengo madzi a mvula amathamanga, nakokolola nthaka ndi kukumba zigwembe m'minda. Pa Phiri la Ntchisi masamba ndi mizu zimagwira madziwo, ndipo amaloŵa pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono m'timitsinje.

Ntchito ya mlangizi wa za nkhalango ndi yomweyo imene Bambo Whyte adaiyamba: kudziŵa mtengo uliwonse ndi dzina lake, kudziŵa ntchito ya matabwa ake, ndi kuonetsetsa kuti pamene padulidwa mtengo pakumera wina. Inunso mungathe kuyamba ntchitoyi pa sukulu panu. Tolani njere za mitengo ya kwanu, zifeseni, ndipo mukaokera mbande muzilimire ndi kuzitchinjiriza ku moto ndi ku mbuzi.

Mafunso

1. Kodi Bambo Whyte adabadwira kuti, ndipo adafika m'dziko muno chaka chanji?
2. Tchulani zinthu zitatu zimene zimachititsa matabwa a mkungudza kukhala amtengo wapatali.
3. N'chifukwa chiyani nkhalango yopanda timitengo ikufanana ndi mudzi wopanda ana?
4. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.
5. Lembani maina a mitengo isanu yachilengedwe ya kwanu ndi ntchito ya mtengo uliwonse.