Jack Chamangwana, Mlonda wa Kumbuyo

Anthu akamatuluka m'bwalo la mpira, dzina limene limakhala pa milomo yawo ndi la munthu amene wamwetsa chigoli. Wotchinga kumbuyo kawirikawiri amakumbukidwa pa tsiku lokhalo limene walakwitsa. Nchifukwa chake mbiri ya malemu Jack Chamangwana ndi yofunika kuilongosola bwino, pakuti iye anatchuka kuchokera ku Blantyre mpaka ku Soweto ngakhale kuti ntchito yake inali yoletsa zigoli.

Chamangwana anabadwa pa 30 April 1957. Dzina lake linakula m'timu ya Wanderers ya mu mzinda wa Blantyre, imene oitsatira amaitcha Manoma. Timuyi inkasintha maina malinga ndi kampani yoithandiza, kotero kuti akuluakulu ena amaikumbukira monga Yamaha Wanderers, pamene ena amaidziwa monga Limbe Leaf Wanderers. Masiku amenewo mpira sunali ntchito yodyetsa banja m'dziko muno. Osewera ambiri ankakhala pa ntchito usana wonse, ndipo ankathamangira kokonzekera masewero dzuwa litapendeka.

Mdani wamkulu wa Manoma anali Bata Bullets, ndipo matimu awiriwa akakumana pa bwalo la Kamuzu ku Chichiri, mzinda unkagawikana pakati. Kutsogolo kwa Bullets kunali Kinnah Phiri, katswiri amene anamwetsera dziko lino zigoli 71. Mnyamata amene ankaima pakati pa otchinga a Wanderers anali ndi udindo woletsa munthu wotereyu. Sukulu yoposa imeneyo kunalibe.

Ndi bwino kumvetsa chimene wotchinga wa pakati amachita. Iye amaona bwalo lonse patsogolo pake, choncho ndiye amauza anzake poima ndi munthu woti amulonde. Ayenera kudziwa kumene mpira ugwere usanamenyedwe, kulimbana m'mwamba ndi mutu, ndiponso kuugwira mtima pamene wosewera wochenjera akumunyengerera kuti aponye mwendo msanga. Womwetsa zigoli akhoza kuphonya kasanu nkudzaomboledwa ndi chigoli chimodzi. Wotchinga akaphonya kamodzi, goloboyi amatsala yekha. Kuti mphunzitsi apereke malo otere kwa mnyamata wa zaka 18, ndiye kuti waona mwa iye nzeru zoposa msinkhu wake. Ndipo Chamangwana anali ndi zaka zimenezo pamene anavala yunifomu ya timu ya dziko koyamba m'chaka cha 1975.

Anakhala m'timuyo zaka khumi, mpaka 1985, nasewera masewero 133. Mwa Amalawi onse, ndi Young Chimodzi yekha amene anaposa chiwerengero chimenechi. Zigoli anamwetsa 10, zimene sizochepa kwa munthu wa kumbuyo. Anakhalanso kaputeni, ndipo ochemerera anamupatsa dzina lakuti Africa, limene linamukakamira mpaka tsiku la imfa yake.

Zaka zimenezi ndizo zinali za ulemerero pa mpira wa dziko lino. M'chaka cha 1978 mpikisano wa chikho cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa unachitikira m'Malawi, ndipo timu ya dziko, motsogozedwa ndi mphunzitsi wa ku England Ted Powell, inagonjetsa Zambia ndi zigoli 3 kwa 2 m'masewero otsiriza. Akanakhalapo onena kuti galu amalimba pakhomo pa mbuye wake, chaka chotsatira chinawatseka pakamwa: mu 1979 anyamatawo anapita ku Kenya nagonjetsa eni bwalo, ndi zigoli 3 kwa 2 zomwezo, nabwera nacho chikho kachiwiri.

Mu 1984 Malawi inafika kwa nthawi yoyamba ku mpikisano wa chikho cha mayiko onse a mu Africa, ku Ivory Coast. Kumeneko, mu mzinda wa Bouaké, zinthu zinali zowawa. Algeria inapambana ndi zigoli 3 kwa 0, Ghana ndi chigoli chimodzi, koma pakati pa masewero awiriwa timuyi inalepherana ndi Nigeria zigoli 2 kwa 2. Nigeria yomweyo ndiyo inakafika m'masewero otsiriza a mpikisanowo.

Tsono apa mpamene moyo wake unafika pa mphambano. M'chaka cha 1986 Chamangwana analowa timu ya Kaizer Chiefs ya ku Johannesburg, imene Kaizer Motaung anaiyambitsa mu 1970. Kumeneko mpira unali ntchito ya malipiro, ndipo makamu a ochemerera anali aakulu koposa. Koma South Africa inali pansi pa ulamuliro wa tsankho, ndipo bungwe la FIFA linali litaichotsa m'gulu lake mu 1976. Inabwezeredwa mu 1992. Mayiko ambiri a mu Africa sankayenderana nalo dzikolo, pamene boma la Dr. Kamuzu Banda linali nalo pa ubale wa ukazembe kuyambira 1967, ndipo njira ya ku Joni inali yodziwika kale kwa Amalawi chifukwa cha migodi. Wosewera wopita kumeneko ankapeza ndalama, koma ankalowa m'ligi imene dziko lapansi silinkaiwerengera. Chamangwana sanaseweretsenso timu ya dziko lake. Amene angafune kumuweruza ayenera kukumbukira kuti anali ndi zaka 29, msinkhu umene wosewera amayamba kuwerenga nyengo zimene zamutsalira, atatumikira kale dziko zaka khumi.

Ku Chiefs anamutcha Black Stone, ndiye kuti mwala wakuda. Mlendo kupatsidwa dzina ndi ochemerera a ku Soweto sichinali chinthu chapafupi, ndipo chikhulupiriro chinapitirira apo, chifukwa mu 1988 eni timu anamupatsa udindo woiphunzitsa.

Moyo wake wotsala unali wa uphunzitsi. Anaphunzitsa timu ya dziko la Malawi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anaphunzitsanso Young Africans ya ku Dar es Salaam, kenaka anakhala mkulu woona za luso la mpira ku bungwe la FAM. Anali pa udindo umenewu mu 2010, pamene Malawi inabwerera ku mpikisano wa mayiko a mu Africa patapita zaka 26. Mphunzitsi anali Kinnah Phiri, mdani wake wakale wa pa Chichiri. Masewero oyamba ku Angola anali olimbana ndi Algeria, ndipo Malawi inapambana ndi zigoli 3 kwa 0, chiwerengero chomwe chija cha ku Bouaké chitatembenuka.

Pomaliza anabwerera kumene anayambira. Anali mkulu woona za luso ku Wanderers pamene timuyo inatenga ligi mu 2017, itakhala osaitenga kuyambira 2006. Patangopita miyezi yowerengeka anadwala, ndipo anamwalira pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre pa 6 May 2018, patatha masiku asanu ndi limodzi atakwanitsa zaka 61.