Adolf Busch, woimba amene adakana kugwadira Hitler

M'misika ya katundu wakale ku London, Berlin kapena New York mumapezeka anthu amene amatha tsiku lonse akufukula m'makatoni a mbale za galamafoni. Amene amasaka nyimbo za magulu a anthu anayi oimba zoimbira zansambo akangoona dzina la Busch pachikuto sachedwa kupisa m'thumba. Kodi mkuluyu adali yani?

Adolf Busch adabadwa pa 8 Ogasiti 1891 mumzinda wa Siegen m'dziko la Germany. Bambo ake adali mmisiri wopanga ndi kukonza mavayolini, choncho mnyamatayu adakula ndi chida chimenechi m'manja. Atamaliza maphunziro a zoimba ku Cologne, mbiri yake idafalikira ku Ulaya konse, ndipo nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha adakhazikitsa gulu la Busch Quartet. Kuyambira mu 1930 mng'ono wake Hermann ndiye ankaimba cello m'gululi. Mmodzi mwa ophunzira ake adali Yehudi Menuhin, yemwe adadzatchuka kwambiri.

Zinthu zidasintha mu 1933 pamene Adolf Hitler adatenga boma. Busch sadali Myuda, ndipo akadafuna akadapitiriza kudyerera monga katswiri wonyadiridwa ndi dziko lake. Koma mnzake wapamtima woimba piyano, Rudolf Serkin, adali Myuda. Ataona nkhanza zomwe Ayuda ankachitiridwa, makamaka pa 1 Epulo pamene a chipani cha Nazi adaletsa anthu kugula m'masitolo awo, Busch adathetsa zoimbaimba zake zonse m'dzikomo. Apa adataya omvera ake ochuluka pamodzi ndi gawo lalikulu la ndalama zomwe ankapeza. Mu 1935 Serkin adakwatira mwana wake Irene, ndipo mu 1938 Busch adasiyanso kuimba ku Italy boma la Mussolini litakhazikitsa malamulo osala Ayuda.

M'zaka zovutazi ndi mmene gululi lidajambulira nyimbo zomwe anthu akuzisakabe lero. Ku situdiyo ya Abbey Road mumzinda wa London, anayiwa adajambula nyimbo za Beethoven, Schubert ndi Brahms pansi pa kampani ya His Master's Voice. Nthawi imeneyo mbale zidali zolemera, zosachedwa kusweka, ndipo mbali imodzi inkangotenga mphindi zinayi kapena zisanu. Padalibe zodula ndi kulumikiza. Wina akaphonya, onse ankayambiranso mbali yonseyo. Mbale za pulasitiki ya vinyl zotenga nthawi yaitali zidabwera mu 1948, ndipo pambuyo pake nyimbo za gululi zidakoperedwa pambale zatsopanozi.

Busch adasamukira ku America mu 1939, koma kumeneko sadalandire ulemu ngati womwe adali nawo ku Ulaya, ndipo matenda a mtima adayamba kumuvutitsa. Komabe mu 1951 iye, Serkin ndi anzawo ena adatsegula sukulu ya zoimba ya Marlboro ku Vermont, komwe mpaka pano achinyamata amaimbira limodzi ndi akatswiri chaka ndi chaka.

Mkuluyu adatisiya pa 9 Juni 1952 ku Guilford, Vermont, ali ndi zaka 60. Wogula mbale yake lero akaika singano amamva kaphokoso kakale kosokosera chapansipansi, koma sadandaula. Amadziwa kuti akumvera munthu amene adalolera kutaya kwawo kusiyana n'kutaya mnzake.