Tikumbukire Malemu Evison Matafale

Anzathu amene tinaphunzira limodzi kuno ku Mulanje, mukukumbukira mikangano ya m'mahositelo ija yoti chimbale chabwino cha Tupac ndi chiti? Mikanganoyo inazizira titamva mnyamata wa ku Chileka akuimba reggae m'Chichewa chathu.

Evison Matafale anabadwa mu 1969. Chimbale chake choyamba, Kuimba 1, anajambula ndi gulu la Wailing Brothers, ndipo nyimbo ya Watsetsereka inawanda m'maminibasi mpaka kumsika wa Limbuli. Mu 2001 anatulutsa Kuimba 2 ndi abale ake a Black Missionaries. Ena a ife timakondabe choyambacho poti ndicho chinatidzidzimutsa, koma m'chachiwirimo mawu ake anali atakhwima.

Mu November 2001 apolisi anamugwira chifukwa cha kalata yodzudzula boma la a Bakili Muluzi. Anamwalira ali m'manja mwawo ku Lilongwe pa 27 November, ali ndi zaka 32 zokha.

Abale akewo anapitiriza kutcha zimbale zawo dzina la Kuimba. Amene akusungabe makaseti awiriwa abwere nawo kumsonkhano wathu, tidzamvere limodzi.

Mzimu wake uuse mumtendere.