Malemu Franco Luambo Makiadi, Woyimba Amene Ankatikanganitsa

M'kalata ino ndati tikumbutsane za munthu wina amene sadaphunzire nafe, sadatiphunzitsepo m'kalasi, ndiponso sankayimba m'chinenero chathu, komabe dzina lake silinkachoka pakamwa pathu. Munthuyo ndi malemu Franco Luambo Makiadi, mtsogoleri wa bandi ya OK Jazz ya ku Kinshasa, amene adatisiya m'chaka cha 1989. Ife amene tidaphunzira m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tikudziwa kuti chimbale chatsopano cha rumba chikangofika pasukulu, mtsutso wake unkatha sabata yathunthu. Ena ankati Franco alibe mnzake, ena ankati katswiri ndi Tabu Ley Rochereau. Ine ndidali wa mbali ya Franco ndipo ndikadali komweko. Pofotokoza mbiri yake ndikufuna tione kuti mikangano ya omvera ngati ife ndiyo inkadyetsa nyimbo zake, ndi kuti mwini wakeyo ankadziwa bwino zimenezi.

Franco adabadwa pa 6 July 1938 m'mudzi wa Sona Bata, m'dziko limene nthawi imeneyo linkalamulidwa ndi atsamunda a ku Belgium, lomwe lero likutchedwa Democratic Republic of Congo. Dzina lake laubatizo lidali François. Adakulira mumzinda wa Léopoldville, womwe tsopano ndi Kinshasa. Bambo ake ankagwira ntchito kunjanji ndipo adamwalira iye akadali wamng'ono, kotero kuti sukulu sadapite nayo patali. Mayi ake ankachita malonda a zakudya pamsika, ndipo mnyamatayo ankakhala pambali pawo n'kumayimba kagitala kopanga yekha pofuna kukopa ogula. Omvera ake oyamba adali anthu a pamsika amenewa, anthu oti nyimbo ikapanda kuwakoka amangodutsa osacheuka. Ndikhulupirira kuti kumeneku n'kumene adaphunzira kuyang'ana nkhope za omvera.

Woyimba wina wotchedwa Paul Ebengo Dewayon ndiye adamutenga n'kumuphunzitsa gitala yeniyeni, ndipo kenaka adalowa naye ku situdiyo ya Loningisa, yomwe mwini wake adali wamalonda wa ku Greece. M'chaka cha 1953, ali ndi zaka 15 zokha, Franco adajambula nyimbo imene idayamba kumutchukitsa, ya Bolingo na ngai na Béatrice. Mu June 1956 iye pamodzi ndi anzake adayambitsa bandi ya OK Jazz, yomwe inkayimba pa malo achisangalalo otchedwa OK Bar. Mwa anzakewo mudali Jean Serge Essous ndi Vicky Longomba, bambo wake wa Awilo Longomba amene ana athu adadzamuvinira pambuyo pake. Patapita zaka dzina la bandiyo lidakula n'kukhala TPOK Jazz, ndipo oyimba ake adapitirira 30.

Mtsutso umene tinkachita ife kuno udayambira ku Kinshasa komweko, bandiyo itangobadwa. Mumzindamo mudali kale bandi yotchuka ya African Jazz ya Joseph Kabasele, yemwe ankatchedwa Grand Kallé, amene mu 1960 adayimba Indépendance Cha Cha pokondwerera ufulu wa dziko lawo. M'bandi imeneyi mudatuluka Docteur Nico, katswiri wa gitala, komanso Tabu Ley, mwini mawu osalala aja. Nyimbo za mbali iyi zidali zofatsa, zosemedwa bwino, zotsamira ku mayimbidwe a ku Cuba, ndipo zinkakondedwa kwambiri ndi anthu ophunzira. Franco adatenga njira ina, imene eni ake ankaitcha odemba. Gitala yake inkalira mwamphamvu, zingwe ziwiri nthawi imodzi, mobwerezabwereza ngati ng'oma ya kumudzi, ndipo mawu ake adali okhuthala ngati a munthu amene akukamba mlandu pabwalo. Anthu adam'patsa dzina lakuti mfiti ya gitala. Choncho munthu wa ku Kinshasa akatchula bandi imene amaikonda, ankakhalanso atanena kuti iye ndi munthu wotani.

Nyimbozi zinkatifika kudzera pa wailesi ndiponso pa timbale ting'onoting'ono, tambiri mwa ito todindidwa ku Nairobi. Popeza nyimbo za rumba zidali zazitali, nyimbo imodzi inkagawidwa pawiri, gawo loyamba mbali ino, lachiwiri kuseri. Mukukumbukira mmene gule ankaimira m'holo Loweruka usiku podikira kuti woyang'anira zisangalalo atembenuze kambale. Gawo lachiwirilo ndilo linkakhala ndi sebene, pamene oyimba amachepetsa mawu n'kusiyira magitala ndi malipenga kuti atenthetse bwalo. Mitsutso yathu inkagona pamenepa: kodi nyimbo yabwino ndi ya mawu okoma kapena ya sebene yautali? Kodi chimbale chatsopanochi chaposa cha chaka chatha? Chilingala sitinkachimva, koma aliyense adali ndi ganizo lake, ndipo amene adakhalako ku migodi ya ku Zambia, kufupi ndi malire a Zaire, ankayesedwa akadaulo omasulira.

Kwa amene ankamva Chilingala mtsutso udali wokulirapo, chifukwa Franco ankayimba za moyo wa tsiku ndi tsiku wa mumzinda: maukwati osokonekera, ngongole, miseche, nsanje, mabwana odzikuza, amuna achinyengo ndi akazi otopa nawo. Ankakonda kuphiphiritsa, luso limene kwawoko amalitcha mbwakela. Ife sitingalidabwe luso limeneli, pakuti ndi lomwe lija la nyimbo za pamtondo, pamene mayi amadandaula za mwamuna kapena apongozi osatchula dzina, koma mudzi wonse n'kudziwa amene akunenedwa. Chimbale cha Franco chikatuluka, anthu m'mabala a ku Kinshasa ankayamba kufunsana kuti kodi apa akunena yani, ndipo kufunsanako n'kumene kunkagulitsa chimbalecho.

Chitsanzo chodziwika kwa tonse ndi Mario, nyimbo ya mu 1985 imene adayimba mothandizana ndi Madilu System. Ikukamba za mnyamata wophunzira bwino amene safuna kugwira ntchito, koma amadyera mayi wachuma womuposa msinkhu, n'kumamuvutitsanso ndi nsanje. Nkhani imeneyi inkatikhudza ife ophunzira, pakuti Mario adali munthu wa masatifiketi ngati amene tinkawafunafuna ifeyo. Komanso Franco adali wamalonda wochenjera. Nyimbo ya Azda ya mu 1973, yokoma ngati yachikondi kwa wosamva chinenerocho, idali yotsatsa malonda a kampani yogulitsa magalimoto a Volkswagen. Otsutsa ankati uku n'kugulitsa luso, omukonda ankati ndi luso lomwelo lotha kusandutsa malonda kukhala gule.

Mpikisano wake ndi Tabu Ley udali weniweni. Mu December 1970 Tabu Ley adakayimba m'holo yotchuka ya Olympia ku Paris, ndipo omutsatira adanyada nazo kwambiri. Oyimba ankadumpha kuchoka kubandi ina kupita ku inzake, ndipo kudumphako kunkakambidwa ngati mmene timakambira osewera mpira akasintha timu. Sam Mangwana adayimbako mbali zonse ziwiri. Ndombe Opetum ndi woyimba gitala Michelino adachoka kwa Tabu Ley n'kupita kwa Franco. Nayenso Franco ankathawidwa: Verckys, woyimba lipenga, adachoka mu 1969 n'kukayambitsa Orchestre Vévé. Chodabwitsa n'chakuti mu 1983, chaka chimene Grand Kallé adamwalira, Franco ndi Tabu Ley adalowa limodzi mu situdiyo n'kujambula nyimbo pamodzi, ina mwa izo yolira Kabasele yemweyo. Eni mpikisano adagwirana chanza, koma ife owatsatira tidangopeza chokanganirana chatsopano, chakuti kodi m'chimbalemo wapambana mnzake ndani.

Pabwalo pamaso pa anthu ndi pamene mphamvu ya OK Jazz inkaonekera. Franco adali ndi malo akeake achisangalalo ku Kinshasa otchedwa Un-Deux-Trois, kumene bandiyo inkayimba mpaka usiku kwambiri, oyimba mawu atandandalika kutsogolo, amalipenga pambali, iye ali pakati ndi thupi lake lalikulu lija. Mu September 1974 adayimba pa chikondwerero cha Zaire 74, chomwe chidakonzedwa mogwirizana ndi nkhonya za Muhammad Ali ndi George Foreman, ndipo pa chikondwererocho padayimbanso James Brown, B.B. King, Miriam Makeba ndi Tabu Ley. Mu 1977 adakayimba pa chikondwerero cha FESTAC ku Lagos. M'zaka za m'ma 1980 ankakhala nthawi yaitali ku Brussels, kumene ankajambula zimbale zake zambiri.

Pali mbali ina ya moyo wake imene ife omukonda sitiyenera kuizemba, ndiyo ubale wake ndi Mobutu Sese Seko, amene adalanda boma mu 1965 n'kulamulira mwankhanza mpaka 1997. Mu 1966 boma la Mobutu lidanyonga poyera andale anayi, mmodzi mwa iwo Évariste Kimba yemwe adakhalapo nduna yaikulu. Nyimbo ya Franco ya Luvumbu Ndoki, yoyimbidwa m'Chikongo, anthu ambiri adaimva ngati yodzudzula kuphako, ndipo idaletsedwa. Koma m'zaka zotsatira Franco adakhala mmodzi mwa oyimba odalirika a boma lomwelo. Dziko litasintha dzina kukhala Zaire mu 1971 ndipo anthu atalamulidwa kusiya maina achizungu, iye adayamba kudziwika ndi dzina la Luambo Makiadi, ndipo adayimba nyimbo zotamanda mfundo za boma. Mu 1984 adatulutsa Candidat na biso Mobutu, nyimbo yokopa anthu pa chisankho chimene woyimira adali mmodzi yekha. Ubalewo udamulemeretsa, koma sudamuteteze nthawi zonse, pakuti mu 1978 adatsekeredwa m'ndende pamodzi ndi ena a m'bandi yake chifukwa cha nyimbo ziwiri, Hélène ndi Jacky, zomwe akuluakulu a zamalamulo adati zidali zolaula. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Kodi tinene kuti adali msilikali wa anthu wamba kapena mlaliki wa wolamulira wankhanza? Ine ndimati zonse ziwiri zidalimo mwa munthu mmodziyo, ndipo wonena chimodzi chokha wanena theka. Ife amene tidakula m'nthawi ya chipani chimodzi kuno kwathu, amene tidayimbako ndi kuvinako pa misonkhano tili mu yunifolomu ya sukulu, tikudziwa kuti pansi pa ulamuliro wotere nyimbo yotamanda ndi nyimbo yophiphiritsa zimatha kutuluka m'kamwa limodzi. Izi sizikuchotsa mlandu wa Franco, koma zitithandize kuweruza mofatsa.

Mu 1987 adatulutsa Attention na SIDA, nyimbo yaitali yochenjeza za matenda a Edzi. Apa sadaphiphiritse. Adayimba mbali yaikulu m'Chifalansa kuti uthenga udutse malire a dziko lake, ndipo adalankhula kwa makolo, achinyamata, madokotala ndi atsogoleri, aliyense ndi udindo wake. Nthawi imeneyo n'kuti patangopita zaka ziwiri kuchokera pamene wodwala woyamba adapezeka kuno ku Malawi mu 1985, ndipo matendawa sankatchulidwa poyera. Munthu amene adakhala zaka 30 akuyambitsa mitsutso m'mabala ankafuna tsopano kuti anthu akambirane nkhani ya moyo ndi imfa. Posakhalitsa iye mwini adayamba kudwala ndi kuonda kwambiri. Mphekesera zidafala zakuti akudwala matenda omwewo, koma iye ankakana. Adayimba komaliza pamaso pa anthu ku Amsterdam mu September 1989, ndipo adamwalira pa 12 October 1989 m'chipatala china pafupi ndi mzinda wa Namur ku Belgium, ali ndi zaka 51. Boma la Zaire lidalamula masiku anayi olira maliro ake, ndipo khamu losaneneka lidaperekeza thupi lake m'misewu ya Kinshasa.

Anzanga, tikatenga zithunzi za makalasi athu n'kuwerenga amene adatisiya m'zaka za m'ma 1990, tiona kuti pa mitsutso yonse imene Franco adayambitsa, womalizawu ndi umene mbadwo wathu udachedwa kuulowa. Za magitala tinkakambirana momasuka mpaka usiku, koma za matendawa tinkanong'onezana kumaliro. Lero mankhwala otalikitsa moyo alipo ndipo kuyezetsa magazi sikulinso chinthu chachilendo, komabe adzukulu athu akufunikabe akuluakulu olankhula nawo mosabisa mawu.

Iye atamwalira, bandi yake idapitirira motsogozedwa ndi Simaro Lutumba, mlembi wa nyimbo zake zambiri, mpaka pamene Simaro ndi anzake adapatuka n'kuyambitsa Bana OK. Madilu adamwalira mu 2007, Tabu Ley mu 2013, Simaro mu 2019. Mu December 2021 bungwe la UNESCO lidaika rumba ya ku Congo pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi, ulemu umene mbali zonse ziwiri za mtsutso wathu zidaugwirira ntchito.

Ndikupempha amene mudasunga zimbale ndi makaseti a nthawi imeneyo kuti musazitaye, mubwere nazo pa msonkhano wathu wapachaka kuti achinyamata amene alowa kumene m'bungwe lino amve zimene zinkatigoneka mochedwa. Inu a mbali ya Tabu Ley, ndikudziwa kuti simudagwirizane nane m'ndime zingapo. Tengani cholembera mutumize mbiri ya katswiri wanu kwa mkonzi, tidzaiwerenge m'kalata yotsatira.