Dr Hastings Kamuzu Banda: Anachoka Wapansi, Anabwerera pa Ndege

HARARE – Mtunda wa pakati pa London ndi Blantyre ndi makilomita oposa 8,000. Ndege za masiku ano zimadutsa mtunda wotere pa maola osapitirira 12, koma Dr Hastings Kamuzu Banda anatha zaka zoposa 40 ali kunja asanakwere ndege yobwerera kwawo.

A Banda anabadwira ku Kasungu cha m'ma 1898. Ali mnyamata ananyamuka wapansi kulowera kummwera, monga ankachitira Anyasa ambiri ofuna ntchito. Anayamba agwira ntchito pachipatala cha ku Hartley, komwe lero ndi Chegutu ku Zimbabwe, kenaka kumigodi ya ku Johannesburg. Mu 1925 anapita ku America, ndipo anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College mu 1937. Atawonjezera maphunziro ku Edinburgh, anachiza odwala ku Liverpool, North Shields ndi London, kenaka ku Kumasi m'dziko la Ghana.

Atsogoleri achinyamata a Nyasaland African Congress, monga Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, ndiwo anawaitana kuti adzatsogolere nkhondo yothetsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Pa 6 Julayi 1958 anatera pabwalo la ndege la Chileka. Chinyanja chinali chitawathawa, moti pamisonkhano ankalankhula Chingelezi wina n'kumamasulira.

Mu Disembala chaka chomwecho, pochokera kumsonkhano wa ku Accra, anaima mu Salisbury nalankhula kwa khamu la anthu ku Highfield. Komboni imeneyi, pamodzi ndi ya Harari yomwe tsopano ndi Mbare, inali kwawo kwa apantchito ambiri ochokera ku Nyasaland, amene ana ndi zidzukulu zawo adakali komweko. Mawu awo anali aukali kotero kuti boma linawaletsa kupondanso mu Southern Rhodesia.

Komabe anabwerako pasanathe miyezi itatu, ulendo uno ali mkaidi. Pa 3 Malichi 1959 anamangidwa ndi kutengedwa pa ndege kupita kundende ya Gwelo, komwe anakhala mpaka pa 1 Epulo 1960.

Dziko la Malawi linalandira ufulu pa 6 Julayi 1964. Ulamuliro wawo wa zaka 30 unamanga misewu, yunivesite, likulu latsopano la Lilongwe ndi bwalo la ndege lotchedwa dzina lawo. Unatsekeranso anthu ambiri popanda kuwazenga mlandu, ndipo anzawo omwe anawaitana aja anathawira kunja. Mu 1971 anakhala pulezidenti wamuyaya, ndipo chaka chomwecho anakacheza ku South Africa watsankho, zomwe zinakwiyitsa maiko ambiri a mu Africa.

Amalawi anasankha ndale za zipani zambiri mu 1993, ndipo mu 1994 a Banda anagonja kwa Bakili Muluzi. Anamwalira pa 25 Novembala 1997 pachipatala china ku Johannesburg, ndipo anaikidwa ku Lilongwe.